Akuzula malata pa sitolo ya khonde lalitali ku Ulongwe

Nambewe:
Zikomo nonse a pa gulu pano, akuluakulu ndi ana omwe. Ndabwera dzulo kuchokera kumudzi komwe ndinapita kukaona mayi. Loweruka, ndikudikira chapa yobwerera ku Tete, ndinadutsa pa sitolo yakale ija ya khonde lalitali ndipo ndinapeza anyamata ali padenga akuzula malata. Nditafunsa anandiuza kuti mwini watsopano akufuna kugwetsa mbali ya kutsogolo kuti amange nyumba yosanja. Ndinaima pomwepo mpaka chapa yoyamba inandisiya. Bambo anga malemu anali telala pa khonde limenelo. Makina awo a Singer ankakhala pa nsanamira yachitatu kuchokera pa khomo lalikulu. Ndinapita kukaigwira nsanamirayo, ndipo msomali umene ankakolekapo tepi yoyezera ukadalipo. Ndikupempha inu amene mukuikumbuka sitoloyi, tiuzeniko zimene munaona khoma lisanagwe.

aBanda:
Mayi, mukunena pamene pali okonza mafoni ndi amayi a kaunjika paja? Ine ndikuphunzira zaulimi kuno ku UniZambeze ndipo ndimadutsapo tsiku lililonse. Ndimayesa ndi timaokala tambirimbiri togundizana. Kodi zonsezo inali sitolo imodzi?

Nambewe:
Imodzi, mwananga. Makoma apakati mukuwaonawo ndi a dzulodzuloli.

Nangozo:
Kalanga ine. Kapulana ya ukwati wanga inachokera mmenemo. Nambewe, bambo anu ndi amene anandisokera bulauzi yake, anali munthu wosalankhulalankhula, pakamwa pamakhala mapini. aPhiri a ku Domue ali pa gulu pompano, anagwira ntchito mmenemo zaka zambiri. Agogo, musakhale chete.

aPhiri:
Ndamva kuitana. Akundilembera ndi mdzukulu wanga chifukwa maso anafooka, koma mawu ndi anga.

Ndinalowa m'sitolo imeneyo ndili kamnyamata, tauni ino ikutchedwa Vila Coutinho. Ntchito yanga yoyamba inali kusesa khonde ndi kuthira madzi pansi kuti fumbi lisalowe mu nsalu. Kenaka anandiika kunyamula matumba, pambuyo pake ku sikelo, ndipo mochedwa ndinaima kuseri kwa kauntala.

Inu ana, tsekani maso muone. Ukalowa pa khomo lalikulu, kudzanja lamanzere kunali nsalu zokhazokha, mipukutu yosanjikizana kufika kudenga, ndipo tinkakwera makwerero kuti titsitse ya pamwamba. Zina zinkachokera ku fakitale ya Textáfrica ku Vila Pery, komwe lero mumati Chimoio. Panali kaki wa akabudula a sukulu, makapulana, mabulangete a nthawi ya chisanu, pakuti nonse mukudziwa mmene June ndi July amalumira kwathu kuno. Pakati panali zitsulo: makasu, nkhwangwa, zikwanje, misomali yogulitsa pa kilo, mapulawo, maunyolo a ng'ombe, mipoto ya miyendo itatu. Njinga zinkalendewera kudenga ndi mawaya, ndipo anyamata ankabwera kudzangoziyang'ana khosi lili m'mwamba. Kudzanja lamanja kunali zakudya. Mchere ndi shuga tinkatapa m'matumba n'kukulunga m'pepala, sopo anali wautali ndipo tinkadula ndi kawaya, palafini tinkapopa mu dilamu n'kuthira m'botolo limene munthu wabwera nalo. Pakona panali nsomba youma ya bakayawo ndi magarafau a vinyo, koma zimenezo ankagula ndi azungu a pa boma ndi a m'mafamu. Fungo la mmenemo linali la palafini, sopo, nsomba youma ndi nsalu yatsopano, zonse pamodzi, ndipo mpaka lero ndikalowa m'sitolo ya Mmwenye ku Tete mphuno imandikumbutsa.

Katundu ankachokera ku Beira pa sitima. Ankawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, n'kudzera ku Mutarara mpaka ku Moatize, kumene njanji inafika mu 1949. Popeza Moatize ali tsidya lathu lino, malole athu sankavutika ndi kuwoloka pa pantoni ya ku Tete, chifukwa nthawi imeneyo mlatho waukulu uja kunalibe. Ankangokwera mtunda. Nthawi ya dzinja lole inkatha kugona m'matope masiku angapo, ndipo m'sitolo mchere ukatha tauni yonse inkadziwa kuti msewu waipa.

Ndapuma kaye, mdzukulu akuti chala chatopa.

aBanda:
Agogo, zikomo kwambiri. Ndiye kuti inali ngati masitolo aakulu a ku Tete omwe umangotenga wekha n'kukalipira pakhomo?

aPhiri:
Iyayi. Sunkagwira kanthu ndi dzanja lako. Unkaloza ndi chala, ife n'kukupatsira.

Nangozo:
Ndipo ukagula zambiri ankakupatsa basera. Kamchere m'pepala, kapena singano, kapena switi ya mwana ali kumbuyo. Ife amayi tinkachoka ku Lifidzi m'bandakucha titasenza nyemba, pobwerera n'kumaonetsana basera m'njira. Munthu ankatha kusankha sitolo chifukwa cha basera basi.

aMaseko:
Ndawerenga zonse ndipo ndikuthokoza Nambewe poyambitsa nkhaniyi. Koma ndiloleni ndinene mbali ina, chifukwa ndikuona tikuyamba kuilira nyumbayi ngati inali tchalitchi. aPhiri akuti "ukalowa pa khomo lalikulu". Ndani ankalowa pa khomo lalikulu? Bambo anga sankalowa. Kumbali ya kumadzulo kuli zenera la zitsulo, aBanda mukapite mukalione, ndikukhulupirira likadalipo. Munthu wakuda wopanda nsapato ankagulira pamenepo, ali panja, chipewa chili m'manja. Ankatha kuima kuyambira m'mawa, mzungu akabwera wogulitsa n'kumusiya kukathandiza mzunguyo. Olowa mkati anali azungu, Amwenye, ndi anthu ochepa aja ankatchedwa assimilado. Lamulo la indigenato, lomwe linkatiika ife m'gulu la anthu osakhala nzika zenizeni, linathetsedwa mu 1961, koma khalidwe silinathe tsiku lomwelo. Ine ndinayamba kuponda mkati ndili kale pa sukulu ya mishoni, nditavala yunifolomu, ndipo ndinkanjenjemera.

Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndipo ndimadana ndi mbiri yongosankha zokoma. Tikanena za basera tinenenso za zenera.

Nangozo:
Aphunzitsi, simukunama. Nthawi imene ine ndikunena tinkalowa ndithu, koma amayi anga ankatiuza za zeneralo. Ndipo ngakhale titayamba kulowa, ukagwira nsalu kuti uone kulimba kwake ankakumenya pa dzanja ndi mita.

aNkhoma:
Moni kuchokera ku Dedza. Ine mayi anga ndi a ku Calomue, bambo a tsidya lino, ndiye masitolo a mbali zonse ziwiri ndinawaona. Zimene akunena aMaseko zinaliko. N'chifukwa chake anthu ambiri a m'malire ankakonda kudzagula kwa Amwenye a ku Dedza ndi ku Ntcheu, komwe unkatha kunenerera mtengo. Koma vinyo, nsapato ndi makapulana a maluwa owala tinkatsata kwanuko. Kwathu kuno zinthu zinasinthanso m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu linachotsa Amwenye m'matauni ang'onoang'ono n'kuwauza kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu. Masitolo ambiri a makonde ngati omwewo anatsala opanda kanthu, ndipo tinayamba kudalira PTC ndi Chipiku.

aMaseko:
Ndipo pali china chimene chimandipweteka kuposa zenera. Kuseri kwa sitolo kunali nyumba yosungiramo mbewu, ndi sikelo yaikulu yapansi. Sitoloyo sinkangogulitsa, inkagulanso chimanga, nyemba ndi mbatatesi zathu. Bambo anga ankapita ndi ngolo yodzaza. Pobwera ankabwera ndi bulangete limodzi, khasu, mchere, ndi kandalama kongokwanira msonkho. Ndalama yeniyeni sankaiona, chifukwa mwini sitolo ankayamba watsegula buku la ngongole: palafini wa mwezi wakuti, nsalu ya maliro a uje, mbewu ya chaka chatha. Bambo sankadziwa kuwerenga. Ankangomva kuti kwatsala zakutizakuti. Usiku ankakhala pa khonde n'kumawerengera ndi timiyala, ndipo timiyala tawo sitinkagwirizana ndi buku. Kukadandaula ku boma kunali kudziitanira mbalamatodya, thabwa lomenyera anthu m'manja.

Nambewe:
Pamenepa pandikhudza. Agogo anga aamuna ankanena zomwezo.

aPhiri:
aMaseko, ndamva. Ndakhala chete kuyambira dzulo, ndipo usiku sindinagone bwino. Amene ankaima pa sikelo imeneyo ndine. Ngati bambo anu ankabwera ndi ngolo zaka zimenezo, n'kutheka kuti matumba awo ndinayeza ndine.

Ndinena zoona pamaso pa ana awa. Pa thumba lililonse tinkachotsa kulemera kwa chiguduli, ndipo tinkachotsa kopitirira kulemera kwake kwenikweni. Tinkachotsanso za chinyezi, ngakhale chimanga chili chouma gwa, cholira pa dzino. Patarau, mwini sitoloyo, anandiphunzitsa kuwerenga mofulumira n'kubweza chitsulo cha sikelo mwini chimanga asanayandikire. Ine ndinkatchula nambala m'Chipwitikizi, iye n'kulemba. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinali ndi mayi wamasiye ndi azing'ono anga anayi, ndipo mnyamata wosagwira ntchito yodziwika nthawi imeneyo ankagwidwa chibalo. Sindikunena izi kuti ndidziyeretse. Anthu amene ndinkawayezera anali a kwathu, ena achibale a mayi anga, ndipo Lamulungu tinkakhala benchi limodzi m'tchalitchi.

Ngati bambo anu ndinawalakwira, ndikupepesa kwa inu mwana wawo.

aMaseko:
Akulu anga, sindinalembe kuti ndikuzengeni mlandu, ndipo sindinkadziwa kuti munali inu. Ndawerenga mawu anu katatu. Bambo anamwalira akuganiza kuti mwina mutu wawo ndi umene sunkagwira masamu. Lero mwandiuza kuti timiyala tawo tinkanena zoona. Zikomo. Ndapita kukawauza alongo anga, nawonso alira. Mlandu palibe pakati pa inu ndi ine.

Nangozo:
Ambuye akudalitseni nonse awiri.

aBanda:
Agogo aPhiri, ine ndaphunzira zambiri kuposa m'kalasi. Nanga mwini wakeyo anapita kuti? Ufulu utabwera zinatha bwanji?

aPhiri:
Mlendo ndi mame, mwananga. Ufulu unabwera pa 25 June 1975, ndipo Apwitikizi ambiri anali atayamba kale kulongedza. Wathuyo anayamba watumiza mkazi ndi ana. Kenaka tinaona katundu wa mtengo wapatali akuchepa m'mashelefu, malole akubwera opanda kanthu n'kubwerera odzaza. Tsiku lina m'mawa anandiitana, n'kundipatsa mtolo wa makiyi, akuti akupita ku Tete abwera mawa. Sindinamuonenso. Makiyiwo ndinawapereka kwa a grupo dinamizador, komiti ya chipani cha Frelimo m'dera lathu, chifukwa kukhala nawo kukanandiika m'mavuto. Buku la ngongole analitulutsa panja anthu akuona, n'kuliwotcha pa bwalo. Amayi ena anaimba nthungululu.

aMaseko:
Ndionjezere za dziko lonse kuti ana amvetse. Sizinachitike ku Ulongwe kokha. Ogulitsa a m'midzi, omwe ankatchedwa cantineiros, anachoka pafupifupi onse nthawi imodzi, ndipo ndi iwo amene anali ndi malole, ndi iwo ankagula mbewu, ndi iwo ankabweretsa mchere. Anali kutidyera masuku pamutu, inde, koma atachoka njira yonse ya malonda inaduka. Boma linatenga masitolo osiyidwawo n'kuwasandutsa Lojas do Povo, masitolo a anthu. Pa 3 February 1976 Samora Machel analengezanso kuti nyumba za lendi zikhala m'manja mwa boma. Cholinga chinali chabwino, kuti mlimi asaberedwenso. Koma kuyendetsa sitolo iliyonse ya m'dziko kuchokera ku Maputo kunakanika, ndipo mu 1980 boma lomwelo linavomereza n'kuyamba kupereka masitolowo kwa amalonda wamba. Chaka chomwecho, pa 16 June, eskudo inatha ndipo tinalandira metikali.

Nambewe:
Nthawi imeneyo ndiye ndikuikumbuka bwino, ndinali mtsikana. Khomo lalikulu linali lotsegukira aliyense, koma mkati munalibe kanthu. Mashelefu aja a mpaka kudenga anali mbee. Mphekesera ikamveka kuti lole yafika, mayi ankatidzutsa nkhuku zisanalire kuti tikaime pa bicha. Ena ankaika mwala kapena dengu pa mzere kuti liwasungire malo, ndipo aliyense ankadziwa mwala wa mnzake. Unkaima osadziwa chimene chabwera. Mwina shuga, mwina sopo, mwina mabatire. Bambo anagula wailesi ya Xirico, tinasangalala, koma miyezi yambiri inkangokhala pa shelefu itavundikiridwa kansalu chifukwa mabatire kunalibe.

Bambo ntchito yosoka zatsopano inatha. Ankangoika zigamba. Ndinawaona akusoka diresi la mwana ndi thumba la ufa, ndipo analisoka mosamala ngati la ukwati, mpaka analiika kolala.

aNkhoma:
Zaka zimenezo ndi zomwe anthu a kwanuko ankabwera usiku kudzera m'tinjira ta m'mapiri, atasenza chimanga ndi mbatatesi, kudzasinthanitsa ndi mchere, sopo ndi shuga. Malume anga ankagona kwathu n'kubwerera m'bandakucha. Ku Lizulu ndi ku Tsangano malire ndi msewu chabe, ndiye ankaletsa bwanji?

aMaseko:
Ankati candonga, kutanthauza malonda ozembetsa, ndipo ukagwidwa unkalangidwa koopsa. Koma mlimi sanali wopusa. Agricom, bungwe la boma logula mbewu lomwe linayamba mu 1981, linkabwera ndi ndalama, mlimi n'kufunsa kuti ndikagula nayo chiyani. N'chifukwa chake pambuyo pake ankabwera ndi makapulana, mchere ndi makasu kuti asinthanitse ndi chimanga. Ngakhale ogwira ntchito ku mafamu a boma a CAIA ankalandira malipiro n'kusowa kogula. Dera lathu la Angónia linali nkhokwe ya chigawo chonse cha Tete, mpaka lero, koma kwacha ya ku Malawi inali ndi mphamvu m'misika yathu kuposa ndalama yathu.

Nankhoma:
Ine ndangolowa kumene, ndawerenga kuchokera pamwamba. Mwaiwala tsiku limene kunabwera nsapato za pulasitiki za saizi imodzi yokha. Tinagulabe. Zanga ndinkaika mapepala kutsogolo ndipo ndinabatizidwa nazo.

aPhiri:
Ndikuzikumbuka mayi. Ine ndinabwereranso kuseri kwa kauntala nthawi imeneyo, chifukwa ndinali mmodzi mwa ochepa odziwa kusunga mabuku. Kunena zoona, kugulitsa m'sitolo yopanda katundu kunali kowawa kuposa kunyamula matumba. Anthu mazana panja, iwe uli ndi makatoni awiri a sopo. Aliyense ndi mbale wako, aliyense akukuitana ndi mfunda. Ndinkadula sopo tizidutswa ting'onoting'ono kuti afikire ambiri, ndipo otsala ankapita akundinena kuti ndabisa. Koma sikelo nthawi imeneyo ndinkaitembenuza kuti mwini mbewu aziona yekha nambala.

aBanda:
Nanga makoma akuda a kumbuyo aja, ndi moto?

Nambewe:
Ndi nkhondo, mwananga. Chaka cha 1986 chinali choopsa m'chigawo chathu, ndi chaka chomwe Samora anafera pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 October. Anthu a mfuti atalowa m'tauni tinathawa ndi zimene tinavala. Bambo anakana kuchoka opanda makina. Anabwerera ku khonde kuja kukuwomberedwa, anamasula mutu wa makina pa thebulo lake, n'kuukulunga m'bulangete. Thebulo la chitsulo lopondera lija analisiya. Mutu wa Singer ndi wolemera, amene anaunyamulapo akudziwa. Anausenza usiku wonse, mayi atabereka mng'ono wanga, ine nditanyamula mphika ndi kaufa. Tinatulukira ku Dedza miyendo itatupa.

Ku malo a othawa nkhondo bambo anapeza mmisiri amene anawapangira chogwirira chopukusa ndi dzanja. Ankakhala pansi pa mtengo, ine ndikupukusa iwo akuwongolera nsalu. Makina amenewo ndi amene anatigulira ndiwo zaka zonse za ku Malawi, pakuti ufa ndi nandolo za chithandizo sizinkafika kumapeto kwa mwezi. Ndinaphunzira kusoka pomwepo, ndipo ndi ntchito imene yaphunzitsa ana anga kuno ku Matundo.

Tinabwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, ngakhale ife sitinathamangire, tinadikira kaye chaka chinanso chifukwa cha mabomba okwirira m'njira. Titafika bambo sanayambe kupita kumudzi, anayamba kupita ku khonde. Sitolo inalibe zitseko, inalibe mawindo, malata a kumbuyo atazulidwa, nyumba ya mbewu itapsa, m'kati mutamera chisoso. Thebulo la makina silinapezeke. Anakhala pansi pa nsanamira yawo ija nthawi yaitali osalankhula. Mawa lake anabwereka katebulo ka matabwa n'kuyambiranso pomwepo. Anali munthu woyamba kuchita malonda pa khonde limenelo nkhondo itatha.

aNkhoma:
Mlongo wanga, mwandikumbutsa zambiri. Panthawi imeneyo Malawi inasunga anthu a ku Mozambique opitirira miliyoni imodzi, ndipo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu midzi ina alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Koma tinali alendo otani, chilankhulo chimodzi, mifunda imodzi, ngoma imodzi. Pakhomo pathu tinkagona anthu oposa makumi awiri.

Nangozo:
Nambewe, ndikuwaona bambo anu m'maso mwangamu. Titabwerera ndinawapeza pa khondepo ndipo ndinadziwa kuti tauni idzukanso. Anandichepetsera diresi la kalamidade osandilipiritsa.

aBanda:
Kalamidade ndi kaunjika yemweyu? Dzinali linachokera kuti?

aMaseko:
Yemweyo. Zovala zakale zinkabwera ngati chithandizo kudzera ku nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, yomwe m'Chipwitikizi dzina lake linali ndi mawu akuti calamidades, ndiye anthu anangotcha zovalazo dzina lomwelo. Ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti sitolo yaikulu ija sikanadzukanso ngati kale. Kuyambira 1987, boma litayamba ndondomeko yokonzanso chuma yotchedwa PRE, mitengo inamasulidwa ndipo katundu anayamba kuoneka, kungoti wokwera mtengo. Nkhondo itatha aliyense anakhala wamalonda. Mabelo a kaunjika anapha nsalu ya pa mita, pamodzi ndi matelala ambiri. Njinga zinadzaza, munthu n'kumakaoda yekha ku Dedza kapena ku Lilongwe. Misika ya masiku inakula. Ogula mbewu anayamba kubwera ndi masikelo awo olendewera pa mtengo m'midzi momwemo. Ntchito zonse zimene zinali pansi pa denga limodzi zinamwazikana. Amene anatenga nyumbayo anaona kuti phindu lili pa kuidula zipinda n'kumachititsa lendi.

Ndipo ndinene, masikelo a m'midzi a lerowa nawonso tiziwayang'anitsitsa. aBanda, inu ophunzira zaulimi, soya ndi nyemba za makolo anu zikuyezedwa bwanji? Mlimi wa lero amadziwa kuwerenga, ali ndi foni, amalandira ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, koma akagulitsa mu April chifukwa cha njala ya ndalama, mtengo amatchula ndi wogula.

aBanda:
Aphunzitsi, zimenezo n'zoona. Chaka chatha mayi anga anayeza thumba kunyumba ndi sikelo yobwereka, atafika kwa wogula linachepa. Anabwerera nalo.

Nankhoma:
Anachita bwino. Ife kwathu tinasonkha amayi khumi n'kugula sikelo yathu.

aPhiri:
Mtengo wa zinthu ndiye unatizunguza mitu ife okalamba. Ndinayamba kugulitsa ndi eskudo, ndinagulitsa ndi metikali, ndinafika poona sopo akugulidwa ndi zikwi, kenaka mu 2006 anachotsa maziro atatu. Mpaka lero ndikamati kontu, dzina lakale la chikwi, adzukulu amandifunsa kuti ndikunena zingati.

aBanda:
Akuluakulu, ndapitako masana ano nditaweruka. Zenera lija lilipo kumadzulo, analitseka ndi njerwa koma zitsulo zikuoneka, ndipo simenti ya pansi pake ndi yokumbika pamene anthu ankaponda. Ndaima pomwepo kanthawi. Msomali wa pa nsanamira yachitatu ndauona ndipo ndajambula. Kumbuyo, pamene pali mulu wa njerwa, ndapeza chitsulo chachikulu chafulati chokwiririka m'simenti, cha dzimbiri, chili ndi timawilo m'munsi. Kapitawo wa omanga akuti akufuna kuchigulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Agogo aPhiri, kodi si sikelo ija?

aPhiri:
Ndi yomweyo. Mkono wake wa manambala unali wa mkuwa, umenewo unapita nthawi ya nkhondo. Chatsalacho ndi poika matumba.

Nambewe:
aBanda, Mulungu akudalitseni. Chithunzi ndachilandira ndipo ndawatumizira azing'ono anga. Mutu wa makina uja ukadali kwathu kuno, ndimausunga m'chipinda, ndipo ukadasoka.

aMaseko:
Ine ndikuti chitsulocho chisapite ku zitsulo zakale. Mwini watsopano sanalakwe, nyumba ndi yake ndipo tauni ikukula, kuyambira pamene Ulongwe inakhala munisipiyo mu 2008 nyumba zambiri zasintha. Koma tingathe kumupempha mwaulemu kuti atigulitse sikeloyo pa mtengo umene akanapeza kwa a zitsulo, ndiponso kuti zitsulo za pa zenera asazitaye. Tikaziike pa sukulu ina kumene ana angazione ndi kufunsa. Ine ndiyamba kusonkha.

Nangozo:
Inenso ndiponyapo. Nambewe, musunge ndalamazo ndinu.

aNkhoma:
Zanga ndipatsira mwana wa mlongo wanga amene amawoloka pa Calomue Lachinayi lililonse.

Nambewe:
Ndavomera. Ndizilemba pano pa gulu dzina ndi ndalama, aliyense aziona. aBanda, mufunse kapitawoyo kuti khonde ayamba kugwetsa liti, ndipo ngati n'kotheka andizulire msomali uja.

aBanda:
Akuti khonde ayamba Lolemba likubwerali. Mwini nyumba afika Lachisanu m'mawa ndipo kapitawo wavomera kutionetsa kwa iye.

aPhiri:
Lachisanu ndibwera. Mdzukulu anditenga pa njinga yamoto. aMaseko, ngati miyendo ikulola, tikumane pa khondepo cha m'ma 9. Ndikufuna ndikakuonetseni pamene ngolo zinkaima ndi pamene bambo anu ankatsitsira matumba.

aMaseko:
Ndidzafika, akulu anga. Ndibwera ndi alongo anga.